Tsiku Limene a Fanuwelo Anaima Pakhomo pa Gelesomu

Tatsitsani mawu, ana inu, mundigonthetsa m'khutu. Chibwerereni kutchalitchi mukungolimbana. Iwe Madalitso ukuti onse onyoza dziko pa foni awatsekere m'chitokosi, chifukwa dziko lopanda mwambo silitukuka. Mchemwali wakoyu Tiyamike, poti wafika ku koleji, akuti mbendera ndi kansalu chabe, kukonda dziko ndi msampha wa andale, chofunika n'choti munthu aliyense akhale mfulu. Nonse mukulankhula ngati munaliona dzikoli likubadwa. Ine ndinaliona. Ikani mafoniwo pansi, sathawa, ndikuuzeni za munthu amene simunamupeze, mlongo wanga wamkulu, agogo anu a Fanuwelo.

Ife tinabadwira kuseri kwa mapiri a ku Dedza, kumene chisanu chimang'amba zidendene. Atsamunda pochoka n'kuti ine nditangotha msinkhu, a Fanuwelo atangomaliza maphunziro a uphunzitsi. Tsiku lokweza mbendera yatsopano ku boma ananditenga pa kaliyala wa njinga yawo. Mbendera ikukwera, ndinaona munthu wamkulu, tayi ali m'khosi, misozi ili chuchuchu. Pobwerera tinatsika pa chitunda n'kumakankha njinga, iwo n'kundiuza kuti, "Nachisale, kuyambira lero palibe adzatiuzenso kuti tigulire pa windo la sitolo pamene ena akulowa pakhomo. Dzikoli ndi lathu." Ndi iwo anandiphunzitsa nyimbo ya fuko, ndime zonse, osati imodzi yokhayi imene inu mumaing'ung'udza pa mpira mukutafuna chingamu.

Kenaka ndinakwatiwa ndi agogo anu a Jailosi, mmisiri womanga nyumba. Likulu litayamba kumangidwa kuno ku Lilongwe, iwo anatsogola kudzagwira ntchito, ine n'kuwatsatira pa basi ya mipando yamatabwa, mwana kumsana, mtondo ndi munsi zili padenga. Inu mukakwera minibasi kuchokera ku Area 25 mumafika mukudandaula msana. Ife tinachoka kumudzi m'mawa, n'kufika kuno dzuwa likulowa, fumbi lili m'mano, koma tikuseka.

Kawale wa nthawi imeneyo sanali uyu wopanikizanayu. Kuseri kwa nyumba ino tinkalima chimanga ndi maungu, kumunsi kumtsinje nkhwali zinkalira. Zovala tinkasita ndi chitsulo cha makala, chimene iwe Tiyamike unachipeza m'khitchini n'kufunsa ngati ndi msampha wa makoswe. Wailesi inalipo imodzi mzere wonse uno, ya mabatire, ndipo mabatirewo akafooka tinkawayanika padzuwa. Agogo anu ankabwera madzulo simenti ili m'zikope, n'kuloza chakumpoto kumene kunkamera nyumba zosanjikizana, amvekere, "Uko tikumanga dziko." Ankanena mochokera pansi pa mtima. Munthu ameneyu dziko ankalikonda.

Posapita nthawi a Fanuwelo nawo anawasamutsira ku sukulu ya pulaimale pafupi ndi kuno. Lamulungu lililonse ankabwera ndi akazi awo kudzamwa thobwa pakhonde pano, pomwe mwakhala inupa. Ndipo Lamulungu lililonse anthu awiriwa, munthu ndi mlamu wake, ankatsutsana. Ankatsitsa mawu, chifukwa masiku amenewo kunali chipani chimodzi chokha, ndipo munthu sunkadziwa kuti wodutsa kuseri kwa mpanda akapereka mawu ako kwa yani.

A Jailosi ankati, "Alamu, khoma limalimba chifukwa njerwa iliyonse imakhala pomwe aiika. Njerwa zikayamba kufunsa mafunso, khoma lagwa. Taonani maiko otizungulirawa, akuphana okhaokha. Ife tikugona tulo."

A Fanuwelo ankayankha kuti, "Anthu si njerwa, alamu. Ine m'kalasi mwanga mwana amene safunsa ndimadziwa kuti sakumva kanthu."

"Mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani chimodzi, dziko kapena pakamwa panupo."

"Nanga dzikoli tinalilandiriranji, ngati si kuti tizilankhula titaimirira kwathu kuno?"

Ine ndinkangowawonjezera thobwa. Ndinkaona ngati ndi macheza a amuna, ofanana ndi kukangana pa bawo.

Inu simudziwa khadi la chipani. Kanali kapepala kakang'ono, koma popanda iko sunkalowa mumsika, sunkakwera basi, ngakhale kuchipatala unkabwerera pageti. Ife amayi tinalinso ndi ntchito yathu. Mkulu wa dziko akamabwera, ankatinyamula pa malole, tonse titavala nsalu imodzi, kukavina pabwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sindikunamizani, nyimbo zake zinali zokoma, ndipo amayi ochokera m'maboma onse tikaponda pansi nthawi imodzi, thupi linkachita tsembwe. Unkamva kuti ndiwe wa fuko lalikulu. Koma yemwe wajomba, kaya mwana wadwala kaya ali ndi maliro, anyamata a malaya ofiira ankamuyendera pakhomo. Kukoma ndi mantha zinkayendera limodzi, moti tinasiya kuzisiyanitsa.

Mmodzi wa anyamata a malaya ofiirawo anali Gelesomu, wa mzere wakumtunda uko. A Fanuwelo anamuphunzitsapo, ndipo ankati anali wanzeru pa masamu, kungoti sukulu anaisiyira panjira. Loweruka lina m'mawa ine ndi achimwene tinapita kumsika, tinapeza Gelesomu waima pakhomo la msika ndi anzake. Anali ataimitsa mayi wina woyembekezera, wotopa ndithu. Mayiyo anaonetsa khadi lake. Gelesomu analoza pamimba pake n'kunena kuti, "Nanga la uyu?" Mayiyo anaseka poyesa nthabwala. Sinali nthabwala. Anamukhazika pansi padzuwa, pafupi ndi ngalande, kuti akhale pomwepo mpaka wina adzamugulire khadi la mwana wosabadwayo.

Anthu ankadutsa atayang'ana kumbali. Ine ndinawakoka achimwene malaya, koma anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono.

"Gelesomu," anatero, "mwana wosabadwa chipani achidziwa bwanji? Mleke mayiyu akagule ndiwo."

"Aphunzitsi, mukunyoza boma?"

"Sindikunyoza. Ndikufunsa."

A Fanuwelo anamudzutsa mayi uja n'kumuperekeza mpaka pamsewu. Zinathera pomwepo, panalibe kukalipa kapena ndewu. Lolemba lake galimoto inaima pasukulu, anthu atatu n'kuwatulutsa m'kalasi choko chili m'manja, ana asukulu akuona.

Sanapite nawo kukhoti, ndipo sanatiuze kumene awatsekera. Tinkangomva mphekesera, ena akuti kummwera, ena akuti anafa kale. Akazi awo anayendayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, kenaka abale awo anabwera kudzawatenga kubwerera kumudzi, ndipo patapita zaka anakwatiwa ndi munthu wina. Sindiwaimba mlandu. Pano pakhomo pathu anthu anasiya kudzapempha moto kapena mchere. Kumpopi ndikafika amayi ankasintha nkhani. Yekhayo amene ankatipatsabe moni mokweza anali Che Adini, Msilamu wa ku Mangochi wokhoma zidebe, amene ankakhala kuseri kwathuku. Ankati iye anazolowera kale phokoso la malata, la anthu silimuopsa.

Agogo anu a Jailosi anangopitiriza moyo wa masiku onse. Ankadzuka, kupita kuntchito, kubwerako. Koma zoloza chakumpoto zija anasiya. Ndipo ine malole akabwera ndinkakwerabe, nsalu ija ndinkavalabe, chifukwa mlongo wa mkaidi akajomba kovina ndiye kuti waitanira moto nyumba yonse. Miyendo inkavina yokha.

Mayi anuwa anabadwa a Fanuwelo kulibe. Pobwera anawapeza atayamba sukulu. Tsiku limenelo ndinkaanika ufa pamkeka, ndinangoona nkhalamba yaima pampanda, yovala kabudula wong'ambika, miyendo yotupa. Ndinati, "Pepani bambo, lero tilibe kanthu." Nkhalambayo inati, "Nachisale." Mano akutsogolo kunalibe. Maso ankatuluka misozi akakhala padzuwa, chifukwa cha mdima umene anakhalamo. Anali asanakwane n'komwe zaka za ukalamba.

Uphunzitsi anawaletsa. Anakhala m'kachipinda kakuseriko, momwe mumasungiramo njinga yakuthayo, ndipo masana ankathandiza Che Adini kugwirira malata. Za kundende sankanena. Koma chitseko sankafuna kuti chitsekedwe iwo ali m'kati, ngakhale kuzizire bwanji.

Tsiku lina Che Adini anabwera pakhonde pano, n'kulankhula motsitsa. "Aphunzitsi, mphwanga amayendetsa thiraki yodutsa ku Mchinji. Kutsidya kwa malire sukulu zikusowa aphunzitsi, ndipo kulibe wokudziwani. Mungagone pakati pa matumba, mawa lake mwafika."

A Fanuwelo anati, "Che Adini, Mulungu akudalitseni. Koma ndikachoka ndiye kuti ndavomera kuti dzikoli ndi la Gelesomu, ine ndinali mlendo. Mchombo wanga unakwiriridwa ku Dedza."

Ine zinandipsetsa mtima. Che Adini atapita ndinawafunsa kuti, "Achimwene, dziko lakugululani mano, lakulandani mkazi ndi ntchito, inu mukulikakamirabe? Lakupatsani chiyani?"

Anati, "Amene anandimenya ndi anthu, mayina awo ndikuwadziwa. Dziko silinandimenye. Dziko ndi iwe, ndi Che Adini, ndi mayi uja wa kumsika ndi mwana wake. Ndikanakhala kuti sindilikonda, tsiku lija ndikanangodutsa ngati ena onse. Munthu sufunsa mafunso pa munda wa eni ake."

Mawu amenewa sindinawamvetse tsiku limenelo. Ndinangoti ndende yawasokoneza mutu.

Zaka zinapita, mphepo inatembenuka. Anthu anayamba kulankhula m'mabasi, m'matchalitchi, kumpopi komwe kuja. Tsiku loti tisankhe ngati tikufuna zipani zambiri, a Fanuwelo anandipempha kuti ndiwasitire malaya, n'kumanga tayi wawo wakale amene njenjete zinali zitamuboola. Tinaima pamzere padzuwa, maso awo akutuluka misozi monga mwa masiku onse, moti sindidziwa ngati ina inali ya chimwemwe. A Jailosi anaima kumbuyo kwathu. Chimene anasankha sanandiuze mpaka kumwalira kwawo.

Malaya ofiira aja anayamba kusowa m'misewu. Ena anawatentha, ena anawakwirira m'dzala. Koma anthu nkhope sanaiwale. Aliyense anali ndi chilonda chake. Wina anamukwapula pamaso pa apongozi, wina anamulanda mbuzi, wina mwana wake sanabwerere. Masana ena tinamva phokoso kumtunda, ngati kwagwidwa wakuba. Anyamata awiri anathamangira pano, mmodzi atanyamula chigubu cha petulo.

"Aphunzitsi, tiyeni. Tamutsekera Gelesomu m'nyumba. Lero ndi tsiku lanu, machesi mukayatse ndinu."

A Fanuwelo anatenga ndodo yawo n'kunyamuka. Ine ndinawatsatira, ndipo ndinene zoona, sindinkadziwa chimene akukachita. Tinapeza khamu lazungulira nyumba, amuna, amayi, ena a mpingo wathu womwe. Mawindo anali ataswa kale. M'katimo munkamveka kulira kwa ana ndi mawu a mkazi wa Gelesomu, dzina lake Esinati, akupemphera. Anthu ataona aphunzitsi anawapatsa njira, ena akuomba m'manja. Iwo anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo, anakwera sitepe, n'kutembenuka kuyang'ana khamu, msana atatsamira chitseko.

Mawu awo ankatuluka movutikira chifukwa cha mano aja, koma anthu anatchera khutu.

"Munthu ali m'katimuyu anandilakwira ine kuposa ambiri a inu. Mlandu wake upite kukhoti. Akamufunse, nayenso ayankhe, mboni zilankhule. Ine mwayi umenewo sanandipatse. Ndikufuna iye aupeze."

Wina anakuwa kumbuyo kuti, "Madala, chokanipo. Ufulu wabwera."

"Wabwerera ndani? Ngati wabwerera ife tokha amene tapambana, ndiye kuti tangosinthana malaya. Muli ana m'nyumba muno. Akula m'dziko lomweli limodzi ndi ana anu."

Ena anayamba kuyang'ana pansi. Wa chigubu uja anachiika pansi. Ndinaona ngati zatha. Kenaka chiduswa cha njerwa chinauluka kuchokera kumbuyo kwa khamu. Kaya ankagenda chitseko kaya ankagenda iwo, sindidziwa. Chinawapeza pamwamba pa khutu. Anakhala pansi pa sitepe paja ngati munthu wotopa, magazi akutsikira m'kolala. Khamu lija litaona magazi a aphunzitsi linabalalika, aliyense kulowera kwake. Nyumba sinapse.

A Jailosi ndi Che Adini anawanyamula pa wilibala mpaka kumsewu waukulu. Kuchipatala anawasoka, n'kutiuza kuti magazi alowera m'kati. Anabwerera kunyumba, koma dzanja limodzi linali litafa, ndipo lilime linkalemera. Tinkawagoneka pakhonde pano kuti aziona anthu odutsa. Agogo anu ankaweruka msanga n'kudzakhala pambali pawo, anthu aja ankatsutsana Lamulungu lililonse tsopano atangokhala duu. Tsiku lina ndikusenda mbatata ndinamva a Jailosi akufunsa.

"Alamu, munadziponyeranji pamoto chifukwa cha galu ameneyu?"

A Fanuwelo analimbana ndi lilime lawo nthawi yaitali. Potsiriza anati, "Ndi Mmalawi."

Anamwalira mvula yoyamba itangogwa.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti Gelesomu anabwera kudzagwada. Sanabwere. Kukhoti sanapiteko, panalibe anakamusumira. Anasamukira ku Chinsapo, ndipo pasanathe zaka zambiri ndinamuona pa lole ya chipani china, atavala malaya a mtundu wina, akukuwa pa chimkuzamawu za ufulu wa anthu. Woponya njerwa uja sanadziwike. Mwina ndimapatsana naye moni mpaka lero.

Ndiye iwe Madalitso, ukamati awatsekere onyoza dziko, udziwe kuti amene amayamba kutsekeredwa si onyoza, ndi ofunsa. Ndipo kawirikawiri wofunsayo ndi amene zikumupweteka kwambiri. Iwenso Tiyamike usandisekerere. Ufulu umene umanenawo ine ndauona ukuyenda wokhawokha m'tauni muno. Mitengo ya kumtsinje inatha, aliyense akuti ndi ufulu wake. Munthu akumanga pa njira ya madzi, mvula ikabwera nyumba za anzake zikugwa. Ufulu wako amauteteza ndi munthu amene sakukudziwa, mwinanso sakukukonda, koma akuona kuti ndiwe wake chifukwa munabadwira pa nthaka imodzi. Anthu akasiya kuonana choncho, pakhomo pako sipadzaima munthu. Ine sukulu sindinapite nayo patali, mabuku anuwo sindiwadziwa. Ndinangoona munthu mmodzi amene anasenza zonse ziwiri, dziko ndi ufulu, ndipo zinamulemera mpaka kumupha. Koma sindinamumvepo akunena kuti chimodzi achitule.

Maliro a achimwene aja anachitikira pano. Kunabwera anthu ambiri, ena mwa iwo omwe aja anali m'khamu lija, atakhala m'mabenchi nkhope zili pansi. Ine ndinali m'nyumba ndi amayi, pamkeka pafupi ndi bokosi. M'mawa wa tsiku loika, nyimbo inadukira pakati. Nditakweza maso ndinaona Esinati, mkazi wa Gelesomu, waima pakhomo. Anali atatula mtolo wa nkhuni panja monga achitira mnansi aliyense pamaliro. Anabwera yekha, atafunda chitenje kumutu, ndipo anangoima, osalowa, osabwerera.

Amayi anayamba kung'ung'udza. Wina pambali panga anandinong'oneza kuti, "Mayi Nachisale, tingomuuza apite. Wabwera kudzatiseka ameneyu." Onse anayang'ana ine, poti mwini maliro ndinali ine.

Mtima wanga unkafuna kuti achoke. Ndinkafuna ndimukuwire, anthu onse amve zimene nyumba yake inachita ku nyumba yathu. Ndinayang'ana bokosi lija, n'kuyang'ananso mayiyo. 

Ndinasendera kukhoma. Esinati anavula masilipasi, analowa chokwawa, n'kukhala pambali panga.  Mtsogoleri wa amayi anayambitsanso nyimbo, ndipo patapita kanthawi ndinamva Esinati akuyimba nawo chapansipansi, phewa lake litagunda langa.

Mwamuna wake sindinamukhululukire, ana inu, ndipo zaka zanditsalirazi sindikuona kuti ndidzatero. Koma pamkeka paja tinakwanapo.